Akati "tikuwonjezerani miyezi iwiri": zoyenera kuchita musanavomere

Kontirakiti yanga yoika mapampu a sola pa zitsime za m'midzi ya cha ku Nkando inkatha pa 30 Epulo. Kutatsala masiku anayi, abwana oyang'anira polojekiti anandiimitsa pakhonde la ofesi yawo pa boma la Mulanje, makiyi a galimoto ali m'manja, nati: "Achimwene, zida zanu musasamutse. Tikuwonjezerani miyezi iwiri." Ndinathokoza kawiri konse. Madzulo omwewo ndinaimbira bambo wina wa ku Luchenza amene ankafuna ndikamuikire mawaya m'nyumba zake za lendi, ntchito ya miyezi isanu, n'kumuuza kuti apeze wina.

Pepala la kuwonjezerako linabwera patatha masabata atatu, mtengo uli womwe uja tinagwirizana chaka cham'mbuyo. Ndalama ya masabata atatu amene ndinagwira popanda pepala ndinaiyendera mpaka Ogasiti. Pa 30 Juni ntchito inathadi, ine n'kukhala pakhomo chiperoni chikuwaza, mnzanga ali pamakwerero ku Luchenza.

Cholakwa changa chinali chimodzi: miyezi iwiri ija ndinaiona ngati mphatso. Kuwonjezera kontirakiti ndi kontirakiti yatsopano, yaifupi, ndipo iyenera kuwerengedwa mtengo ngati ntchito ina iliyonse. Zotsatirazi ndi zimene ndimachita masiku ano. Zingathandize mmisiri wa magetsi, womanga, wokonza makompyuta, ngakhale mayi woyenda ndi tabuleti m'midzi kulemba mayankho a kafukufuku. Bola ngati mumadya za kontirakiti.

1. Musayankhe pomwepo

Nkhani zoterezi sizibwera pa msonkhano. Zimakupezani pakhonde, pa foni, kapena muli pamwamba pa thanki. Thokozani, koma "inde" musamutulutse. Nenani chabe kuti: "Zikomo bwana pondiganizira. Mundilole ndione kaye kalendala yanga, ndikuyankhani Lachisanu." Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira. Tchulani tsiku lenileni ndipo mulisunge. Bwana amene angakwiye chifukwa cha masiku awiri wakuonetsani kale mmene miyezi iwiriyo idzayendere.

2. Fufuzani chifukwa chake ndi yaifupi

Safunsa anadya phula. Miyezi iwiri ya bungwe ili si yofanana ndi miyezi iwiri ya esiteti ija, ndipo yankho lanu lidalira chimene chili kuseri.

Nthawi zambiri ku mabungwe zimakhala kuti opereka thandizo avomera kutalikitsa nthawi koma osawonjezera ndalama. Apo dziwani kuti mukudya zotsalira za mumphika: kukweza mtengo kudzavuta, ndipo tsiku lomaliza likafika ndiye kuti zathadi. Pena ntchito sinathe chifukwa zipangizo zinachedwa kapena msewu unaduka. Amene tinali m'ntchito mu Malichi 2023 tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anaimitsira chilichonse kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo. Ngati kuchedwako sikunali kwa inu, ndiye kuti iwo ndi amene akukufunani kwambiri, chifukwa munthu watsopano sadziwa pamene paipi inadutsa. Pena akudikira kuti gawo lachiwiri la polojekiti livomerezedwe, ndipo akufuna musathawe. Ntchito zokhudza boma zimatsatiranso chaka chake cha zachuma, chimene chimatha pa 31 Malichi, choncho kontirakiti yofika tsiku limenelo ingakhale ikungodikira bajeti yatsopano.

Ndiye pali chifukwa china chimene sanena: apeza munthu wotchipa, kapena akulemba wantchito wokhazikika, ndipo miyezi iwiriyo ndi yoti mumuphunzitse. Chizindikiro chake n'chodziwika. Mwadzidzidzi amakupatsani mnyamata woti "aziyenda nanu", n'kuyamba kukupemphani kuti mulembe ndondomeko ya chilichonse chimene mumachita.

Funsani abwanawo mwachindunji: "Kodi ikatha miyezi iwiriyi pali chiyembekezo, kapena ndi yotsekera?" Mvetserani ngati akutchula tsiku ndi dzina la chinthu chimene akudikira. "Tikudikira kalata yochokera ku Lilongwe pofika pa 15" ndi yankho. "Tiona mmene ziyendere" si yankho. Kenako kachezeni ndi akawuntanti, a kusitolo ndi dalaivala. Sindikunena kuti muzikazonda anthu ayi, koma dalaivala amene wauzidwa kuti galimoto ikabwezedwe ku Blantyre kumapeto kwa Juni amadziwa zambiri kuposa kalata.

3. Tulutsani pepala lakale muliwerengenso

Ambirife timasaina n'kuponya pepalalo mu sutikesi. Litulutseni. Onani tsiku lothera, masiku a notisi, ndi ndalama imene anagwira ngati chikole cha ntchito, imene amapereka pakapita nthawi yoona ngati zimene munaikazo sizikuwonongeka. Apa pali msampha: ena akawonjezera kontirakiti amakankhiranso kutsogolo tsiku lobweza chikolecho. Lembani pakapepala ndalama zonse zimene sanakulipireni mpaka lero. Ngati invoisi ya Febuluwale ikadali "pa tebulo la abwana", nkhani yoyamba kukambirana ndi imeneyo, osati miyezi yatsopano.

4. Khalani pansi ndi kalendala ndi kakyuleta

Pano ndi pamene pali nkhani yonse, choncho tikhalitsepo.

Choyamba, kalendala. Kuno ntchito zimayenda ndi nyengo. Mvula ikatha mu Epulo, anthu amayamba kuumba njerwa, kumanga, kukumba mijigo, kukonza madenga, ndipo ntchito zazikulu za chilimwe zimagawidwa nthawi imeneyo. Amene wagwidwa ndi miyezi iwiri ya Meyi ndi Juni amatuluka anzake atagawana kale. Kontirakiti yothera mu Disembala nayo ili ndi vuto lake: mukutuluka mvula itayamba, anthu ndalama zawo zili ku feteleza ndi fizi, misewu ya kumidzi ndi matope okhaokha. Mbali inayi, amene amagwira ntchito ndi maesiteti a tiyi amadziwa kuti nthawi ya mvula fakitale imakhala pa liwiro chifukwa masamba amachuluka, ndipo kukonza makina kwakukulu kumadikira miyezi yozizira, tiyi akachepa. Choncho funso lisangokhala lakuti miyeziyo ndi ingati. Funsani kuti ndi iti, ndipo ikukutulani mwezi wanji.

Miyezi iwiri ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ndikanangokhala pakhonde, ndimailandira ndi manja awiri ngakhale pa mtengo wakale. Miyezi iwiri ya Meyi ndi Juni ndi yodula.

Chachiwiri, ndalama. Tiyerekeze kuti mumalandira K600,000 pamwezi. Pamene munkasaina, mafuta a njinga yamoto, malipiro a anyamata awiri, kachipinda ka lendi pafupi ndi saiti ndi mayunitsi zinkadya K340,000, inu n'kutsala ndi K260,000. Lero zinthu zomwezo zikudya K420,000. Mukutsala ndi K180,000. Aliyense amene anali ndi kontirakiti m'manja mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, sakufunika kumufotokozera kuti mtengo wa papepala umakalamba msanga. Waya, mapaipi, mabatire ndi simenti sizidikira kuti kontirakiti yanu ithe.

Miyezi iwiri pa K180,000 ndi K360,000. Koma musagawe ndi ziwiri, gawani ndi zitatu, chifukwa ikatha mudzakhala mwezi wathunthu mukusaka ntchito ina, ndipo m'mwezi umenewo ana amadya, landilodi amagogoda. K360,000 kugawa patatu ndi K120,000 pamwezi. Imeneyo ndiye ndalama yeniyeni imene akukupatsani. Tsopano muiyerekeze ndi ntchito ya ku Luchenza: ngakhale ikanakhala yokusiyirani K200,000 pamwezi, miyezi isanu ndi K1,000,000.

Kuti mupeze mtengo woti mukapemphe, tembenuzani samuyo. Mukufuna K260,000 yanu ija kwa miyezi itatu, ndiye K780,000. Phatikizani zowononga za miyezi iwiri, K840,000. Zonse ndi K1,620,000, kugawa pawiri ndi K810,000 pamwezi. Nambala imeneyi ikhoza kukuopsani, ndipo mwina sangaifike. Koma mukamalowa mu ofesi muzidziwa kuti K600,000 si "mtengo womwe uja". Ndi kutsitsidwa malipiro mwakachetechete.

Lembaninso nambala ina yachinsinsi: pansi penipeni, pamene simungatsikenso. Imeneyo musauze munthu.

5. Imbirani amene anakufunanipo

M'masiku awiri mwapempha aja, foni isagone. Imbirani onse amene anakufunsanipo kotesheni miyezi yapitayi, kapitawo wa kuesiteti, mwini golosale wa pa Chitakale amene ankanena za sola, a komiti ya tchalitchi. Auzeni zoona: "Kontirakiti yanga ikutha mwezi uno, ndikufuna ndidziwe ngati ntchito ija ikadalipo." Mukufuna kudziwa ngati pali ntchito yeniyeni, yokhala ndi tsiku loyambira ndi dipoziti, kapena ndi nkhambakamwa za pa bawo.

Funsaninso ngati angadikire. Izi ine sindinachite kwa bambo wa ku Luchenza, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti nyumba imodzi inali isanafoleredwe n'komwe. Ndikanatha kuyamba ndi Loweruka lokha.

Koma chenjerani, mapanga awiri avumbwitsa. Musalonjeze anthu awiri masiku amodzimodzi. Mulanje ndi Thyolo ndi mudzi umodzi: mbiri yoti munathawa ntchito pa Bvumbwe imafika ku Limbuli minibasi isanadzaze. Musanamenso kwa abwana kuti muli ndi ntchito ina pamene mulibe. Akangoti "chabwino, pitani", mulowera kuti?

6. Bwererani ndi zopempha ziwiri kapena zitatu, osati khumi

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma wopempha zonse nthawi imodzi amaoneka ngati wabwera kudzakangana. Sankhani zimene zili zofunika kwa inu malinga ndi chifukwa chija mwapeza pa mfundo yachiwiri pamwambapa.

Ngati ntchito inachedwa ndipo akudalira inu, pemphani mtengo. Ngati ndalama za polojekiti zili kumapeto, mtengo musaulimbikire, pemphani zina: masiku atatu pasabata m'malo mwa asanu kuti ena muzigwira kwina, mafuta azipereka iwo, malipiro azibwera masabata awiri aliwonse, kapena ngongole yakale ithe musanayambe. Ngati akudikira gawo lachiwiri la polojekiti, pemphani miyezi inayi m'malo mwa iwiri, kapena mawu olembedwa oti gawolo likavomerezedwa adzayamba akupatsani inu mwayi wopereka kotesheni. Ngati ndi yophunzitsa wolowa m'malo mwanu, kuphunzitsa ndi ntchito payokha, ndipo ili ndi mtengo wake.

Chaka chatha, bungwe lina ku Thyolo litandiuza za masabata asanu ndi limodzi, zinayenda chonchi.

"Madamu, ndaiganizira nkhani ija. Ndine wokonzeka kumaliza nanu. Koma pali zinthu ziwiri. Mtengo uja tinapanga mafuta asanakwere, ndiye ndalemba apa mmene zinthu zilili lero." Ndinawapatsa pepala limodzi, mizere isanu ndi umodzi.

Anayang'ana, nati: "Bambo, bajeti yathu inatsekedwa. Apa sindingasunthe ngakhale tambala."

"Ndamva madamu. Nanga galimoto yanu imapita kusaiti Lachiwiri ndi Lachinayi. Ine ndi anyamata tizikwera nawo, masiku enawo ndizigwira kwanga. Ndipo invoisi ya mwezi watha ituluke ndisanayambe."

Anakhala chete kanthawi, pensulo ikugogoda tebulo. "Zimenezo n'zotheka."

Mtengo sunakwere, koma mafuta sindinagule, ndipo masiku atatu pasabata anali anga. Onani kuti sindinadandaule za fizi ya ana kapena matenda a kumudzi. Zimenezo bwana amazimvera chisoni koma sangazilembe mu bajeti. Pepala la manambala angathe kulitengera kwa akuluakulu ake.

7. Pepala lisanabwere, sipanala isagwire ntchito

Zimene mwagwirizana zilembedwe tsiku lomaliza la kontirakiti yakale lisanafike. Sizifuna loya kapena masamba khumi. Tsamba limodzi lokhala ndi izi ndi lokwanira: kuti ndi kuwonjezera kontirakiti ya tsiku lakutilakuti, tsiku loyambira ndi lothera, ntchito yeniyeni yoti igwiridwe, kutchula malo ndi chiwerengero, mwachitsanzo zitsime zinayi zotsala, osati "ntchito zina zimene zingapezeke", mtengo ndi masiku olipira, amene akugula zipangizo ndi mafuta, masiku a notisi kwa mbali zonse ziwiri, ndi tsiku lobweza chikole chakale. Asaine munthu amene ali ndi mphamvu yosaina. Nthawi zambiri si uja amakulamulani kusaiti.

Nkhani ya notisi musaipeputse. Pa kontirakiti yaifupi, notisi ya masiku asanu ndi awiri imakuthandizani ngati mukuyembekezera ntchito yaikulu, koma imawapatsanso iwo mpata wokuchotsani sabata iliyonse. Ngati mwakana ntchito ina chifukwa cha iwo, pemphani kuti akathetsa msanga alipire masiku otsalawo, kapena theka lake.

Ndikudziwa kuti kuno mapepala amachedwa. Wosaina ali ku msonkhano ku Lilongwe, magetsi azima, makina osindikizira alibe inki. Zikatero lembani uthenga pa WhatsApp kapena imelo nokha: "Bwana, potsatira zomwe tinakambirana lero, ndipitiriza kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 30 Juni, pa mtengo wakutiwakuti, kulipira pa 15 ndi pa 30. Chonde tsimikizani." Dikirani ayankhe ndi mawu, osati kachala koloza m'mwamba kokha. Jambulani uthengawo muusunge penapake, chifukwa mafoni amagwera m'madzi. Masabata atatu anga aja anavuta chifukwa akawuntanti analibe pepala loti amangirirepo invoisi, ndipo sindingawanene, ntchito yawo ndi imeneyo.

8. Msonkho ndi lamulo, mwachidule

Amene amakulipirani amadula withholding tax, msonkho wochotsedwa pa malipiro anu musanawalandire, n'kupereka ku MRA, bungwe lotolera misonkho. Funsani ngati mtengo mwagwirizanawo ndi wodula kale kapena ayi, chifukwa anthu ambiri amakhumudwa pa tsiku la malipiro. Mlingo wa msonkhowu umasiyana pakati pa ntchito zomanga, kugulitsa katundu ndi malipiro a ukatswiri, choncho pa invoisi muzilekanitsa zipangizo ndi ntchito ya manja. Nambala yanu ya wolipira msonkho (TIN kapena TPIN) ilembedwe bwino, ndipo satifiketi ya msonkho wodulidwawo muitenge musanachoke. Polojekiti ikatseka ofesi, woti akupatseni simudzamupeza.

Chinanso. Ngati aka n'kachitatu kapena kachinayi kukuwonjezerani timiyezi, mumafika 7:30 tsiku lililonse, zida ndi zawo, ndipo simuloledwa kugwira kwina, dzifunseni ngati mukadali kontirakitala. Lamulo la Employment Act la 2000 limati kontirakiti ya nthawi yoikika ikamagwiritsidwa ntchito podzaza malo a ntchito yokhazikika ya pamalopo, imatengedwa ngati yopanda malire a nthawi. Lamulo limeneli ndi la olembedwa ntchito, ndipo chimene chimayang'anidwa ndi mmene mukugwirira, osati dzina limene lili pamwamba pa pepala lokha. Ofesi ya za ntchito pa boma ingakufotokozereni, ndipo milandu yotere imapita ku khoti la za ntchito, la Industrial Relations Court. Sindikuti muthamangire kukhoti. Ndikuti mudziwe pamene mwaima musanasaine kachisanu.

9. Mukavomera, tsiku loyamba ndi lomwe mukuyamba kulongedza

Miyezi iwiri imatha ngati mchere m'madzi. Anyamata anu auzeni tsiku lothera kuti nawonso azikonzekera, musawasunge ndi chiyembekezo chimene inu mulibe. Musagule chida chodula chifukwa cha ntchito imeneyi, bwerekani. Lendi ya kachipinda lipirani mwezi ndi mwezi. Sabata iliyonse patulani theka la tsiku loyendera makasitomala ndi kulemba makotesheni.

Kalata yokuchitirani umboni pemphani pakati pa nthawiyi, abwana akadakufunani, osati tsiku lotsazika pamene aliyense ali kalikiliki ndi malipoti. Jambulani zithunzi za ntchito yanu. Kutatsala masabata atatu funsani kamodzi, momveka: "Bwana, pa 30 tikutseka kapena pali zina?" Akapanda kuyankha pofika sabata yotsatira, tengani kuti mukutseka.

Nanga mukafuna kukana?

Kanani msanga, pamaso, osati pa foni. "Bwana, ndathokoza kwambiri, koma ndinalonjeza kale kwina kuyambira mwezi wamawa. Zotsalazi ndalemba apa, ndipo ndikudziwa mmisiri amene angamalize bwino." Perekani makiyi, mapu a pamene mapaipi ndi mawaya anadutsa, ndi mndandanda wa zipangizo zotsala, wina asainire kuti walandira. Ngati zingatheke dziperekeni kubwera Loweruka limodzi kapena awiri pa mtengo wa tsiku, kuti wolowa m'maloyo asasochere.

Abwana a pakhonde aja anasamukira ku bungwe lina ku Phalombe, ndipo mwezi watha anandiimbira za thanki ya pasukulu. Ndinawauza kuti ndiwayankha Lachisanu.